Mafunso ndi mayankho: mmene trailer imagulitsira filimu ya chikondi ndi nthabwala ya achinyamata

Tsamba lino ndi la ojambula ndi odula mafilimu kuno ku Mangochi, eni mavidiyo sho, ndi aliyense amene anaonapo trailer pa foni n'kuyamba kufunsa anzake kuti filimuyo ituluka liti. Tikukamba za mtundu umodzi wa filimu: ya achinyamata amene akutsanzikana ndi ubwana, momwe muli chibwenzi choyamba ndi zoseketsa. M'Chingerezi amati coming-of-age romantic comedy, ena amangodula kuti romcom.

Kuti mayankho amveke, tigwiritsa ntchito nkhani yongopeka. Mtsikana walemba mayeso a MSCE, akudikira zotsatira uku akuthandiza mayi ake kuyanika usipa pathandala ku Makawa. Pali mnyamata wa kabaza amene akusunga ndalama zopitira ku Joni. Palinso malume ake a mtsikanayo, amene za mnyamatayo safuna n'kumva komwe.

Dzina loti trailer linachokera kuti, popeza timaionera filimu isanayambe?

Linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza chinthu chotsatira pambuyo. Poyamba timakanema totsatsa timeneti ankationetsa filimu ikatha, koma eni nyumba zoonetsera kanema anaona kuti anthu amakhala atanyamuka kale, ndiye anatisamutsira kumayambiriro. Dzina lokha ndi limene linatsala. Trailer yoyamba imene anthu amaitchula ndi ya mu 1913 ku New York, yomwe Nils Granlund anakonza potsatsa sewero la pa Broadway m'nyumba za kanema za Marcus Loew. Kuyambira cha m'ma 1920 mpaka m'ma 1960, ma trailer ambiri a ku America ankakonzedwa ndi kampani imodzi, National Screen Service. Lero ntchitoyi ili m'manja mwa makampani apadera amene sajambula filimu konse, amangodula ma trailer.

Tonse timadziwa kuti awiriwo adzagwirizana pomaliza. Nanga trailer ikugulitsa chiyani?

Funso ili ndiye mutu wa nkhani yonse. Filimu ya upandu imagulitsa chinsinsi: wapha ndani? Filimu ya chikondi ilibe chinsinsi chotere. Ngakhale mwana wa Sitandade 6 akaona mnyamata ndi mtsikana akukangana pa sekondi ya 30, wadziwa kale komwe zikupita. Choncho trailer siingagulitse mathero. Imagulitsa zinthu zitatu.

Choyamba ndi nkhope ziwiri. Woonera ayenera kukhulupirira kuti anthu awiriwa akakhala pamodzi pamachitika kanthu. Ichi sichinenedwa ndi pakamwa, chimaoneka: mnyamata akulankhula, koma kamera ili pa mtsikana amene akudziletsa kuseka. Odula odziwa ntchito amafufuza m'filimu yonse mashoti a munthu amene akumvetsera, osati amene akulankhula, chifukwa chikondi pa kanema chimaonekera pankhope ya womvera.

Chachiwiri ndi chopinga. Popanda malume, popanda basi ya ku Joni, palibe filimu. Woonera safunsa kuti "adzagwirizana kodi?" koma "adutsa bwanji pamenepa?"

Chachitatu, chomwe chimasiyanitsa mtundu uwu ndi filimu zachikondi za akuluakulu, ndi msinkhu. Wachinyamata wa zaka 19 amaonera chifukwa akudziona yekha. Mayi wa zaka 40 amaonera chifukwa akukumbuka kalata yoyamba imene anaibisa m'kope la Biology. Trailer yabwino imalankhula kwa onse awiri pa nthawi imodzi, ndipo chida chake ndi tinthu ting'onoting'ono todziwika: yunifomu yofupika chifukwa mwini wake wakula, foni yobwereka, mlongo wamng'ono amene amatumidwa ndi uthenga n'kufuna malipiro a mandasi.

Mphindi ziwiri zimagawidwa bwanji?

Palibe lamulo lolembedwa, koma ma trailer ambiri a mtundu uwu amayenda motere. Manambalawa ndi masekondi.

Kuyambira 0 mpaka 5 pamakhala nyambo: nthabwala imodzi yachidule kapena nkhope imodzi yodabwa. Musayambe ndi chizindikiro cha kampani yanu chikuzungulira kwa masekondi 10. Pa YouTube malonda ambiri munthu amatha kuwadumpha pakatha masekondi 5, ndipo pa Facebook chala chimakhala chili kale panjira. Nchifukwa chake makampani aakulu amaika kachidutswa ka masekondi 5 kutsogolo kwa trailer yeniyeniyo.

Kuyambira 5 mpaka 25 timadziwa mwini nkhani ndi dziko lake. Mmodzi yekha, osati onse awiri. Filimu ya kukula imakhala ya munthu mmodzi, winayo amalowa m'moyo wake. Apa tionetse mtsikana pathandala, mayi ake akumufunsa za zotsatira, iye akuyankha mozemba. Pofika sekondi ya 25 woonera adziwe chimene mtsikanayu akufuna ndi chimene akuopa.

Kuyambira 25 mpaka 45 ndi kukumana. Kumakhala kochititsa manyazi, chifukwa manyazi amaseketsa ndiponso amamvetsa chisoni pa nthawi imodzi. Njinga yagwa, beseni la usipa lakhuthuka mumsewu, agalu afika. Sini imeneyi muipatse mpata ipume. Ndi malo okhawo mu trailer momwe mungasiye shoti imodzi kwa masekondi 4 kapena 5.

Kuyambira 45 mpaka 70, awiriwo ayamba kuzolowerana. Nyimbo ikwera pang'ono, anzawo alowa. Mnzake wa mtsikana, uja wosabisa mawu, ndi wofunika kwambiri pano chifukwa ndi amene amanena zimene woonera akuganiza.

Cha pa 70 nyimbo ithima. Malume alankhula, kapena tikiti ya basi ioneka m'thumba la malaya. Gawo ili litenge masekondi 10 mpaka 15, lisapitirire apo, mwina anthu angaganize kuti ndi filimu ya maliro.

Kuyambira 85 mpaka 110 mashoti amathamanga, iliyonse sekondi imodzi kapena kucheperapo, nyimbo ili pa kolasi: kuthamanga, kuvina, kulira, mvula, dzanja likufuna kugwira linzake. Kenaka dzina la filimu. Dzina likachoka, nthabwala imodzi yomaliza ya masekondi 3 mpaka 5, imene odula amaitcha button, ndi tsiku lotulukira.

Mukawerenga mupeza kuti trailer yafotokoza mbali yaikulu ya theka loyamba la filimu, yakhudza pang'ono pakati, ndipo kumapeto yangotengako zithunzi zopanda mawu.

Bwanji nthawi zina nthabwala zonse zabwino zimakhala mu trailer, filimuyo n'kukhala youma?

Chifukwa wotsatsa ndi wojambula safuna chinthu chimodzi. Wojambula amafuna musangalale mukaonera, wotsatsa amafuna mubwere. Filimu ikakhala ndi nthabwala zisanu zokha zogwira mtima, wotsatsa amazitenga zonse.

Kwa amene mukudula trailer yanu, lembani nthabwala zonse za m'filimu pa pepala, muziike m'magulu atatu: zoseketsa popanda kudziwa nkhani, zoseketsa pokhapokha utawadziwa anthuwo, ndi zazikulu zimene filimu yakhala ikuzikonzera kwa ola lathunthu. Trailer imadya gulu loyamba lokha. Gulu lachiwiri silimveka kwa mlendo, lachitatu mukaligulitsa mwadya mbewu. Nthabwala zinayi kapena zisanu pa mphindi ziwiri zakwana. Kuunjika zambiri kumapha zonse, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kadulidwe kakenso n'kosiyana. M'filimu nthabwala imatha kumangidwa kwa mphindi yonse. Mu trailer imakhala ndi mbali zitatu zokha: mawu oyalira, mawu oseketsa, nkhope ya womva. Cholakwika chofala ndi kudula nkhope yachitatuyi pofuna kusunga nthawi. Anthu saseka mawu okha, amaseka akaona wina akuwameza. Siyani theka la sekondi mpaka sekondi imodzi, ndipo nyimbo ikhale itathima pa mawu oseketsawo.

Nyimbo ija imangoduka mwadzidzidzi, n'kuyambanso. Amachitiranji zimenezi?

Khutu likazolowera nyimbo limasiya kumvetsera. Ikaduka, munthu amadzidzimuka, ndipo mawu otsatira amalowa onse. Odula amati stopdown. Mu trailer ya mphindi ziwiri muchite zimenezi katatu kapena kanayi, pa nthabwala zazikulu ndi pa chopinga. Dulani pa kugunda kwa ng'oma, osati pakati pa liwu la woimba, ndipo musiye kamkokomo kochepa kuti kusamveke ngati magetsi azima.

Ma trailer ambiri a mtundu uwu amagwiritsa ntchito nyimbo ziwiri kapena zitatu: yopepuka poyamba, yodekha kapena chete pa chopinga, yamphamvu kumapeto. Sankhani nyimbo musanayambe kudula zithunzi. Mukayamba ndi zithunzi n'kudzasaka nyimbo pambuyo, mudzadulanso zonse.

Ndingaike nyimbo ya woimba wotchuka? Ndi masekondi 30 okha.

Ayi, popanda chilolezo. Kufupika kwa kachidutswa sikuchotsa umwini. Nyimbo iliyonse ili ndi umwini pawiri: wa amene anaipeka, ndi wa amene ali mwini wa chojambulidwacho, amene mwina ndi studio kapena kampani. Mufunika onse awiri avomere, molemba. Pepalalo linene kuti nyimboyo ikulowa mu trailer, chifukwa chilolezo cha filimu sichifika chokha ku zotsatsa. Linenenso malo oonetsera, kaya intaneti, TV kapena wailesi, ndi utali wa nthawi. Kuno nkhani za umwini zili pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992, ndi poyambira pabwino pofuna kudziwa mwini nyimbo.

Mukanyalanyaza, makina a YouTube otchedwa Content ID amaizindikira nyimboyo. Ndalama za malonda zimapita kwa mwini wake, kapena trailer imatsekedwa. Facebook imatha kungoithimitsa mawu. Zoterezi zimapweteka kwambiri zikachitika anthu atayamba kale kugawana linki.

Njira yotsika mtengo ndi kupangana ndi woimba wachinyamata wa kwanu konkuno kuti apeke nyimbo ya filimuyo. Mumupemphe akupatseni zidutswa zake padera: ng'oma pazokha, gitala payekha, mawu paokha. Mukatero mutha kuchotsa mawu a woimba pamene atengambali akulankhula, osatsitsa nyimbo yonse.

Kupsompsonana kuoneke mu trailer kapena ayi?

Ngakhale ku Hollywood, odula ambiri amadula milomo isanakumane. Chifukwa chake si manyazi, ndi malonda: chimene wachiona kale sulipiranso kuti ukachione. Nkhope ziwiri zikuyandikana, kenaka mlongo wamng'ono uja watsegula chitseko. Mwapeza chidwi ndi nthabwala pa shoti imodzi.

Kuno pali chifukwa china. Trailer siisankha woonera. Filimu munthu amaisankha yekha, koma trailer imamupeza pa gulu la WhatsApp la banja, la kumpingo kapena la kumzikiti, ndipo foni imodzi imaoneredwa ndi agogo ndi zidzukulu. M'boma ngati lino, momwe Asilamu ndi Akhristu onse amasamala za ulemu wa pagulu, shoti imodzi yopitirira muyeso imachititsa kuti amene akanaigawa aifufute. Ku America bungwe la makampani opanga mafilimu la MPA linathana ndi vutoli pogawa ma trailer pawiri: a chikwangwani chobiriwira, oyenera anthu ambiri, ndi a chikwangwani chofiira, a akuluakulu okha. Yanu ikhale ngati yobiriwira. Kumbukiraninso kuti zoonetsa pagulu m'dziko muno zimayang'aniridwa ndi Censorship Board motsatira lamulo la 1968, choncho funsani kumeneko musanayambe kuonetsa.

Nkhani ya zaka njosakambirana. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ngati mtengambali ndi wosakwana zaka zimenezi, pakhale chilolezo cholemba cha makolo, ndipo pasakhale shoti iliyonse yomuonetsa mokopa. Ngati nkhani ili ya ana a sukulu, trailer igulitse manyazi, makalata ndi kusowa chonena. Izi ndi zimenenso zimaseketsa kuposa zina zonse.

Mawu a bambo wa liwu lalikulu ofotokoza nkhani anapita kuti?

Anatha fasho. Katswiri wake anali Don LaFontaine, amene analankhula m'ma trailer oposa 5,000 ndipo anamwalira mu 2008. Pofika nthawi imeneyo kalankhulidweko kanali katasanduka choseketsa. Lero ntchito yake imagwiridwa ndi zinthu ziwiri: mawu olembedwa pa sikirini, ndi liwu la mwini nkhani.

Liwu la mwini nkhani limayenerera kwambiri filimu za kukula, chifukwa limamveka ngati munthu akukuuza chinsinsi chake. Ziganizo ziwiri kapena zitatu kumayambiriro zakwana. Ngati m'filimu mulibe mawu otere, mutha kumuitana mtengambali kudzajambula a trailer yokha. Mawu olembedwa asapitirire makhadi atatu kapena anayi, lililonse mawu osaposa asanu, likhale pa sikirini pafupifupi masekondi awiri.

Anthu a kuno anazolowera ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa, amene amafotokoza ndi kuseketsa pamwamba pa filimu. Kalankhulidwe kameneko kangathe kugwira ntchito pa kachidutswa ka WhatsApp kapena pa wailesi. Pa trailer yaikulu kamaphimba atengambali, chonsecho nkhope ndi mawu awo ndiye katundu amene mukugulitsa.

Ndinaona sini mu trailer, m'filimu munalibe. Si bodza limenelo?

Kawirikawiri si dala. Trailer imadulidwa filimu isanamalizidwe, ndipo sini ina imadzachotsedwa pambuyo. Komanso odula amasintha dongosolo: funso lochokera pa mphindi ya 10 amaliyankha ndi nkhope ya pa mphindi ya 70. Zimenezi n'zololedwa pa ntchitoyi malinga ngati mzimu wa filimu sunasinthe.

Koma malire alipo. Mu 2022 anthu awiri ku America anasumira kampani ya Universal chifukwa trailer ya filimu yotchedwa Yesterday, ya 2019, inaonetsa mtengambali wotchedwa Ana de Armas, pamene m'filimu yomalizidwa anali atamuchotsamo. Mu December chaka chomwecho woweruza ananena kuti trailer ndi malonda, choncho malamulo oletsa kutsatsa monama angathe kuikhudza. Mbali yaikulu ya mlanduwo inadzachotsedwa mu 2023, koma mfundoyo inamveka.

Bodza loopsa kwambiri si la sini imodzi, ndi la mtundu wa filimu. Ngati filimu yanu ndi yachisoni yokhala ndi nthabwala zitatu, inu n'kuidula ngati ya chiseko chokhachokha, tsiku loyamba holo idzadza. Tsiku lachiwiri uthenga udzakhala utafika kale pa depoti ndi mumsika kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ikhale yaitali bwanji, ndipo ndikonze ingati?

Ku America malire a MPA ndi mphindi 2 ndi masekondi 30. Mu 2014 bungwe la eni nyumba za kanema kumeneko linapempha kuti ma trailer asapitirire mphindi 2, ndiponso asatuluke kutatsala masiku oposa 150 kuti filimu ionetsedwe. Kwa filimu ya nthabwala, masekondi 90 mpaka 120 ndi abwino. Ikapitirira apo, mwayamba kufotokoza filimu yonse.

Imodzi siikwana. Konzani yaikulu ya YouTube ndi Facebook, yopingasa, 1920 kwa 1080. Konzani ya masekondi 30, yoimirira, 1080 kwa 1920, ya status ya WhatsApp ndi TikTok. Kwa zaka zambiri status inkalola masekondi 30 okha, ndipo ngakhale anawonjezera mu 2024, utali umenewu ndi umene anthu amaonera mpaka kumapeto. Konzaninso ya masekondi 15 yokhala ndi nthabwala imodzi ndi tsiku. Ngati mukufuna kufika kumidzi ya ku Nankumba kapena ku Namwera, dulani ya mawu okhaokha ya wailesi za m'madera, monga Dzimwe.

Yoimirira musaipange pongodula m'mbali mwa yopingasa. Filimu ya chikondi imadalira shoti ya anthu awiri, wina kumanzere wina kumanja, ndipo mukadula m'mbali mutsala ndi mapewa awiri ndi mtengo wa mango pakati. Shoti iliyonse muisunthe payokha, kapena muike nkhope imodzi pamwamba ina pansi.

Pa kompyuta imamveka bwino, koma pa foni ndi mu vidiyo sho mawu sakumveka. Chalakwika n'chiyani?

Mwasakaniza mawu mutavala mahedifoni abwino. Sipika ya foni siitulutsa mabesi, ndipo mu vidiyo sho mumakhala phokoso la jenereta, la anthu, ndi sipika imodzi yotsegulidwa mpaka kumapeto. Nyimbo ndi mawu a munthu zikalimbana pamalo otere, nyimbo ndiyo imapambana.

Pamene munthu akulankhula, tsitsani nyimbo ndi ma decibel 12 mpaka 18 pansi pa mawu ake. Pa mawu a atengambali chotsani mkokomo wonse wa pansi pa 80 kapena 100 Hz, umene nthawi zambiri ndi mphepo chabe. Amene anajambulapo m'mbali mwa nyanja nthawi ya mwera, June mpaka August, akudziwa zimene mphepo imachita pa maikolofoni yosavekedwa chaubweya. Ngati chiganizo chofunika chaonongeka, muitaneni mtengambali adzachinenenso m'chipinda chabata, ndipo mu trailer muchiike pamwamba pa shoti imene milomo yake siikuoneka. Kukweza konse kukhale pafupi ndi -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), popeza YouTube imatsitsa yokha chilichonse chopitirira pamenepo. Musanatulutse, imvereni pa foni yotsika mtengo, panja, msewu uli pafupi.

Za kukula kwa fayilo: tulutsani MP4 ya H.264. Mphindi 2 pa 5 Mbps (kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse) ndi pafupifupi 75 MB, zomwe n'zabwino pokweza pa YouTube koma n'zolemera kwa munthu wa bandulo ya tsiku limodzi. Mphindi imodzi pa 720p ndi 1.5 Mbps ndi pafupifupi 11 MB. Ipanikizeni nokha, chifukwa mukasiyira WhatsApp imaipanikiza mosasamala, ndipo zoyamba kuonongeka ndi madzi a panyanja ndi mashoti a usiku, amene amasanduka timabokosi. Pulogalamu yaulere yodulira mafilimu ya DaVinci Resolve imachita zonsezi. CapCut imathandiza pa zoimirira.

Filimu yathu ili m'Chiyao ndi Chichewa. Tichite bwanji?

Musabise chilankhulo chilichonse. Malume akamakalipa m'Chiyao, mtsikana n'kuyankha m'Chichewa, woonera wa kuno wamva kale kusiyana kwa mibadwo popanda womufotokozera. Ikani mawu omasulira pansi, olembedwa m'chithunzi momwemo, chifukwa ambiri amaonera foni ili chete. Mizere isapose iwiri, zilembo zoyera za mphepete yakuda. Mawu oseketsa asaoneke pansi mtengambali asanawanene. Gawani chiganizocho pawiri kuti kuwerenga ndi kumva zifikire limodzi.

Tili ndi mashoti okongola a nyanja ojambulidwa ndi drone. Tiyambe nawo?

Ayi. Ndi msampha umene ojambula a m'mbali mwa nyanja amagweramo kawirikawiri. Trailer ikayamba ndi masekondi 15 a madzi, zilumba ndi mabwato, woonera amaganiza kuti ndi malonda a loji. Shoti imodzi ya malo, ya masekondi awiri, yakwana kunena kuti tili kuti: mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire, kapena nsanja ya wotchi ya pa boma. Kenaka pitani pa nkhope.

Nyanja muisungire gawo lothamanga la kumapeto, ndipo mukhale anthu m'chithunzicho. Ngati simunamalize kujambula, kumbukirani kuti ku Makawa ndi ku Nkopola dzuwa limatulukira panyanja, pamene ku Cape Maclear ndi ku Malindi limalowera panyanja. Kuwala kofewa kumene kumakometsa khungu kumakhala kwa nthawi yosakwana ola, ndipo shoti ya awiriwo atakhala pa bwato lakumtunda nthawi imeneyo ndi imene mudzaifune pa positala.

Adule ndani, wojambula filimu mwini wake?

Ngati n'kotheka, wina. Mwini filimu amakonda sini imene inamuvutitsa kujambula, osati imene ikugulitsa, ndipo amaiwala kuti woonera sakudziwa kuti uyu ndi malume, uyo ndi mphunzitsi. Nchifukwa chake makampani aakulu amapereka ntchitoyi kunja, nthawi zina kwa makampani angapo opikisana.

Wodula aonere filimu kawiri. Koyamba ngati woonera wamba. Kachiwiri atathimitsa mawu, akulemba nthawi ya kumwetulira kulikonse, kuyang'anana, kutembenuka, chitseko chotsekedwa. Kenaka alembe padera ziganizo 15 mpaka 20 zimene zimamveka pazokha. Ayale mawu ndi nyimbo poyamba, mpaka nkhani imveke munthu atatsinzina. Zithunzi zibwere pomaliza.

Ikatha, ionetseni kwa anthu 8 kapena 10 amene sanaione filimuyo ndipo si abale anu: atsikana, anyamata, ndi akuluakulu awiri kapena atatu. Musawafunse ngati yawasangalatsa, adzavomera mwaulemu. Afunseni kuti nkhaniyi ndi ya ndani, akufuna chiyani, chikumuletsa n'chiyani, ndipo filimuyo dzina lake ndani. Muziyang'ana nkhope zawo pamene akuonera. Pomwe maso achoka pa sikirini, lembani sekondi yake, pamenepo ndi podula.

Tiitulutse liti, ndipo khadi lomaliza lilembedwe chiyani?

Kwa filimu ya kuno, kachidutswa koyamba katuluke kutatsala milungu 6 mpaka 8, trailer yaikulu milungu 3 kapena 4, tizidutswa tating'ono sabata yomaliza. Mukatulutsa kutatsala miyezi isanu anthu adzaiwala, ndipo mukadzabwereza adzati ndi yakale. Yang'anani kalendala ya oonera anu. Mayeso a MSCE akangotha achinyamata amakhala ndi nthawi. Mwezi wa Ramadan si woyenera kutsatsa za chibwenzi ku Mangochi, koma masiku a Eid ndi a Khirisimasi anthu amafuna kopita.

Khadi lomaliza likhale ndi dzina la filimu, tsiku, malo kapena tsamba loonerapo, ndi mtengo ngati ulipo. Likhale pa sikirini masekondi 4, zilembo zikuluzikulu zoti ziwerengeke pa foni ya sikirini yosweka. Mawu oti "ikubwera posachedwa" opanda tsiku amataya chidwi chonse chimene mwachimanga. Maina a onse amene anathandiza, kuyambira wophika mpaka woyendetsa galimoto, malo awo ndi kumapeto kwa filimu.

Monga woonera, ndingadziwe bwanji kuti trailer ikubisa filimu yofooka?

Onani ngati pali malo amodzi pomwe awiriwo akulankhulana kwa masekondi asanu popanda kudula. Ngati palibe, ndipo zonse ndi nyimbo, kuvina ndi mashoti a theka la sekondi, mwina wodula sanapeze sini imene ingaime payokha. Onaninso amene akuseketsa. Ngati nthabwala zonse zikuchokera kwa mnzake wa mtsikana kapena kwa malume, eni nkhaniwo n'kumangoyang'anana, ndiye kuti mudzakhala ola ndi theka mukudikira kuti malume abwerenso.